Tchalitchi cha Trondenes ku Norway: mafunso amene anthu amandifunsa kawirikawiri

Ndakhala kuno kumpoto kwa Norway kwa zaka zingapo tsopano, ndipo mlendo aliyense wochokera kumudzi akabwera kudzandiona malo oyamba kumutengera ndi ku Trondenes basi. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, kaya ndi amalume, kaya mnzanga wakusukulu, kaya wina amene wangoona zithunzi pafoni nkuyamba kufunsa. Ndiye ndati ndingowaika pamodzi. Ngati nkhani ina ndaifotokoza kale pa funso lina ndizingokulozerani komweko.

Kodi Trondenes ndi kuti?

Ndi kamtunda kolowa m'nyanja pachilumba cha Hinnøya, makilomita ngati 3 kuchokera m'tauni ya Harstad, m'chigawo cha Troms. Ndi kumpoto kwenikweni, kupitirira mzere uja amati Arctic Circle, kumene mwezi wa June dzuwa sililowa ndipo mwezi wa December silituluka nkomwe. Tchalitchicho chili m'mphepete mwa madzi, choyera mbee ndi njereza, moti amene amabwera pa sitima ya Hurtigruten amachiona ali m'sitima momwemo.

Chimatchuka chifukwa pa matchalitchi onse amiyala akale a ku Norway ichi ndi chimene chili kumpoto kuposa onse. Ndikati akale ndikunena a nyengo imene kuno amati middelalder, kuyambira cha m'ma 1030 pamene chikhristu chinakhazikika, kufika 1537.

Chinamangidwa liti?

Apa anthu ambiri amasokonezeka chifukwa timabuku tina ta alendo timanenabe kuti ndi cha m'ma 1200. Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira zimenezo, koma akatswiri atayeza mitengo imene amisiri anamangira anapeza kuti ntchito inatha chitangodutsa chaka cha 1434.

Kuyezako kumayenda chonchi. Mukadula mtengo kumayiko ozizirawa mumaona mizere yozungulira mkati, mzere umodzi chaka chimodzi, chaka chofunda mzere umakhala waukulu, chaka chozizira umakhala wopyapyala, ndiye mitengo yonse ya dera limodzi imakhala ndi kandondomeko kofanana ka mizere yaikulu ndi yaing'ono. Akatswiri amaboola kachidutswa konga pensulo pa mtanda wakale, nkufananitsa mizere yake ndi ndondomeko imene ali nayo kale, ndipo ngati mbali ya kukhungwa idakalipo amatha kunena chaka chenicheni chimene mtengowo unagwetsedwa.

Chaka chimenechi ndi chofunika kuchigwira. Mu 1349 mliri uja wa Black Death unalowa mu Norway kudzera ku Bergen nkupha anthu osawerengeka, midzi yambiri inatsala mabwinja, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake ntchito yomanga matchalitchi amiyala inachita ngati yaima m'dziko lonse. Koma kuno kumathero a dziko anthu anali kumalizitsa chinyumba chachikulu chonchi. Mphamvu zake anazitenga kuti, onani funso la ndalama pansipa.

Chisanamangidwe ichi panali chiyani pamalopo?

Panali matchalitchi ena amitengo, akuti awiri motsatizana. Mbiri yakale imati mfumu Øystein Magnusson, amene analamulira kuyambira 1103 mpaka 1123, ndi amene anamangitsa tchalitchi pa Trondenes. Ndipo chikhristu chisanafike malowa anali kale likulu la akuluakulu a nthawi ya ma Viking. Nkhani zakale za mafumu zimatchula Asbjørn Selsbane wa pa Trondenes pomwepa, amene anali m'bale wake wa Tore Hund wa ku Bjarkøy, chilumba chapafupi. Tore Hund ameneyu ndi mmodzi mwa anthu amene anapha mfumu Olav pa nkhondo ya ku Stiklestad mu 1030, Olav yemwe uja anadzakhala woyera wamkulu wa dziko la Norway. Ine zimandikhudza nthawi zonse kuti dera limene linalimbana ndi mfumuyi ndi lomwelo linadzakhala likulu la mpingo kumpoto konse.

Si paja Norway imadziwika ndi matchalitchi amatabwa? Nanga chamiyala chabwera bwanji?

Zoona, aja akuda amadenga osanjikizana amene mumawaona pa makalendala amatchedwa stavkirke, ndipo atsala 28 okha. Koma amiyala a nthawi yomweyo alipo ambiri kuposa pamenepo, pafupifupi 160, kungoti sajambulidwa kwambiri. Mitengo inali ponseponse ndipo mmisiri wa matabwa ankapezeka m'mudzi uliwonse, pamene kumanga ndi miyala kunali kodula, kunkafuna amisiri oitanitsa kutali komanso laimu wootcha, ndiye tchalitchi chamiyala chinkangoonetseratu kuti pano pali chuma kapena pali munthu wamphamvu kumbuyo kwake.

Kamangidwe kake nkosangalatsa. Ankamanga makoma awiri oyandikana, lakunja ndi lamkati, pakati pake nkuthirapo miyala ing'onoing'ono yosakaniza ndi dothi la laimu, zikauma zonse zimagwirana nkukhala khoma limodzi lochindikala kwambiri. Mukaima pawindo mudzaona nokha kuya kwake. Simenti panalibe, ndipo lero okonza nyumba zoterezi amaipewa chifukwa imatsekera chinyezi mkati mwa khoma, pamene laimu amalola khoma kupuma.

Ndi chachikulu bwanji?

Mbali yokhala anthu ndi mamita pafupifupi 22 ndi theka m'litali ndi 17 m'lifupi, mbali ya kuguwa ndi mamita 13 ndi theka kwa 11 ndi theka. Mumakhala anthu ngati 300. Pa matchalitchi akale akumidzi ku Norway ichi ndi chimodzi mwa zikuluzikulu.

Nanga ndalama zomangira zinachokera kuti, poti kumeneko nkozizira ndipo kulima nkovuta?

Nsomba. Funso ili ndi limene ndimalikonda chifukwa mukalimvetsa, zonse za mkatimo mwazimvetsanso.

Chaka chilichonse kuyambira January kufika April nsomba zazikulu zimene kuno amati skrei zimatsika kuchokera ku nyanja ya Barents kudzaikira mazira ku Lofoten ndi Vesterålen, madera oyandikana ndi Trondenes. Asodzi akagwira amazichotsa mitu ndi matumbo, nkuzimanga ziwiriziwiri kumchira, nkuzipachika pa mathandala aatali amitengo, popanda mchere, popanda utsi, mphepo yozizira yokhayo ndi imene imaumitsa kwa miyezi ngati itatu. Amene anakulira kunyanja kwathu akudziwa thandala la usipa, ndiye taganizani thandala lotalika kuposa nyumba, nsomba iliyonse yaitali ngati mkono, zikwizikwi zikulendewera. Ine nditapita koyamba ku Lofoten mwezi wa April fungo linandipeza ndisanatsike m'galimoto, ndipo nditagogoda imodzi ndi chala inalira ngati thabwa. Ikauma chonchi imapepuka kwambiri ndipo imatha kukhala zaka osawonongeka.

Tsopano nthawi imeneyo Ulaya yense wa kumadzulo anali wachikatolika, Lachisanu lililonse sankadya nyama, nyengo ya Lenti yonse sankadya nyama, kuphatikizanso masiku ena ambiri osala, ndiye nsomba youma yosawonongeka inali ndi msika osati masewera. Anthu akumpoto ankailongedza m'mabwato nkuyenda makilomita opitirira 1,000 kupita ku Bergen, kumene amalonda achijeremani a mgwirizano wa Hansa anali ndi ofesi yawo yaikulu pa Bryggen, doko lakale la mzindawo, kuyambira cha m'ma 1360. Iwowo ankaitumiza ku Lübeck ku Germany ndi mizinda ina, ndipo mabwato akamabwerera kumpoto ankanyamula ufa, mbewu, nsalu, mowa.

Mpingo unkalowa nkhaniyi kudzera m'chakhumi. Msodzi ankapereka chakhumi cha nsomba zake, ndipo ku Norway chakhumi ankachigawa panayi, gawo la bishopu, la wansembe, la nyumba ya tchalitchi ndi la osauka. Parishi ya Trondenes inali yaikulu, yokhala ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambiri pansi pake, ndipo inalumikizidwa ku udindo wa mmodzi wa ansembe akuluakulu a pa kathedulo ya Nidaros ku Trondheim, munthu wodziwana ndi amalonda komanso wodziwa kumene zinthu zokongola zimagulidwa. Ndiye njira imene nsomba inkadutsa popita kummwera ndi yomweyo imene zosemasema zagolide zinkadutsa pobwera kumpoto. Ndikaima kutsogolo kwa guwa lija ndimaganiza za amuna amene ankapalasa bwato mu February manja atachita dzanzi ndi kuzizira, ena osabwererako, poti golide yense uja analipira ndi iwowo.

Mkatimo muli chiyani kwenikweni chimene anthu amapitira?

Chachikulu ndi makabati atatu a paguwa, a kumapeto kwa nyengo ya chikatolika, cha m'ma 1400 kulowa m'ma 1500. Ndikuti makabati chifukwa ndi mmene eni ake amatchulira, alterskap, kutanthauza kabati ya paguwa, ndipo ndi mmene zililidi, bokosi lalikulu lamatabwa lokhala ndi zitseko ziwiri, china kumanja china kumanzere. Mukatsegula, mkatimo mwaima ziboliboli zosema za anthu oyera, zopakidwa utoto ndi golide, pamwamba pa mitu yawo pali tizokongoletsa tosema mopyapyala ngati leresi. Yaikulu ili paguwa lalikulu, ziwiri zinazo ndi zocheperako.

Tsiku langa loyamba kulowamo inali nyengo yamdima, kunja chipale chili mbuu. Chinayamba kundilandira ndi fungo la miyala yozizira ndi makandulo, kenako maso atazolowera ndi pamene ndinaona kutsogolo kukunyezimira. Golide wake sawala ngati wa m'sitolo ayi, amachita ngati akuyenda lawi la kandulo likagwedezeka, ndipo nkhope za ziboliboli zija zimakhala ngati zikupuma. Pamenepo ndinamvetsa kuti amisiriwo sanapangire magetsi, anapangira makandulo ndi kakuwala kochepa ka pawindo. Mukayandikira mumaona kuti nkhope iliyonse ili ndi khalidwe lakelake, wina masaya ofiira, wina ndevu zopotanapotana, nsalu zopindika ngati zenizeni chonsecho ndi mtengo, ndipo pena pamene utoto unasupuka pamaoneka koyera kwa pansi pake.

Kupatula makabati muli gome lolalikirapo la m'ma 1700, limba lakale ndi zotsalira za zojambula pakhoma. Chilichonse chili ndi funso lake pansipa.

Zitsekozo nzachiyani?

Kabatiyo sinkakhala yotsegula masiku onse. Masiku wamba komanso nyengo ya Lenti inkatsekedwa, anthu nkumangoona zithunzi zopentedwa kunja kwa zitseko, zamitundu yofatsa. Pa Pasaka, pa Khirisimasi ndi pa zikondwerero zina zikuluzikulu ndi pamene ankatsegula, golide yense nkuonekera kamodzi. Taganizani munthu amene wakhala masabata akudya mosala, m'dziko lamdima, kwawo nyumba ya dothi ndi udzu yodzaza utsi, kenako m'mawa wa Pasaka zitseko zija nkutseguka. Misa inali m'Chilatini chimene anthu wamba sankamva, ambiri sankadziwanso kuwerenga, ndiye kutsegula ndi kutseka kumeneku kunali ulaliki pakokha.

Oyerawo ankawazindikira ndi zimene anyamula. Petro amagwira makiyi, Paulo lupanga, Katarina wilo, Barbara kansanja, ndipo Olav woyera wa ku Norway amagwira nkhwangwa. Mukadziwa zimenezi mutha kulowa m'tchalitchi chakale chilichonse kuno nkumawatchula maina nokha.

Anapanga ndani?

Ntchito yamtundu umenewu imachokera kumpoto kwa Germany, makamaka mzinda wa Lübeck umene ndautchula pa funso la ndalama. Kumeneko kunali mashopu a amisiri amene ntchito yawo inali yomweyi, ndipo sinali ya munthu mmodzi ayi, kalipentala ankakhoma bokosi, wosema nkusema ziboliboli, wina nkuika golide, wina nkupenta, mwini shopu ndi amene ankalandira oda nkuyang'anira zonse. Mtengo wake kawirikawiri unali oak wochokera kumayiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic.

Mudzamva dzina la Bernt Notke. Anali mmisiri wotchuka wa ku Lübeck amene anamwalira mu 1509, ndipo amadziwika ndi guwa lalikulu la mu kathedulo ya Aarhus ku Denmark komanso chiboliboli cha George woyera akupha chinjoka cha ku Stockholm. Kale kabati imodzi ya pa Trondenes ankati ndi ya iyeyo, koma akatswiri a masiku ano amakayika zimenezo. Kwa ine sizichotsa kanthu. Amisiri ambiri a nthawi ija sankalemba maina pa ntchito yawo, ndipo kabatiyo kukongola kwake nkomweko kaya dzina lotchuka lilipo kaya palibe.

Golideyo ndi weniweni?

Pa makabati oterewa inde, koma si chitsulo chochindikala monga ena amaganizira. Golide ankamusula mpaka kupyapyala kuposa pepala, moti mutapumira pafupi amauluka. Mtengo akausema ankayamba aupaka choko chosakaniza ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa, kangapo konse, nkukwecha mpaka see, kenako kadothi kofiira kosalala, ndiye golide nkumata pamwamba pake nkumupukuta ndi dzino la nyama kapena mwala wosalala mpaka awale. Kuyera kumene ndanena kuti kumaoneka pamene utoto wasupuka ndi choko chimenechi. Pofuna kupulumutsa ndalama, m'malo osaoneka bwino amisiri ankaikamo siliva kapena golide wosakaniza.

Nchifukwa chake zinthuzi sizifuna kusinthasintha kwa kutentha. Mtengo ukatupa ndi chinyezi kenako nkuuma msanga, choko ndi golide zimasweka nkuyamba kuthothoka, ndipo matchalitchi akale ambiri kuno anavutika ndi zimenezi atayamba kuikamo mahita amagetsi.

Tchalitchichi ndi cha Lutheran, nanga bwanji muli ziboliboli za oyera? Si mafano amenewo?

Funso ili anandifunsa ndi azakhali anga, mayi wa Mvano wa CCAP, atangolowa pakhomo. Anandikoka dzanja nkunong'ona kuti mwanawe, kodi anthuwa amagwadira zimenezi? Ndipo funsolo ndi lomveka, chifukwa mipingo yathu yambiri inachokera kwa amishoni a ku Scotland ndi a Dutch Reformed, amene anatsata chiphunzitso cha John Calvin, ndipo kumeneko nthawi yosintha mpingo zifaniziro anazichotsa m'matchalitchi, zambiri anaziphwanya.

A Lutheran anayenda njira ina. Mu 1522 anthu atayamba kuswa zifaniziro ku Wittenberg, Martin Luther mwini wake anabwerera kudzawaletsa. Maganizo ake anali oti chithunzi pachokha si tchimo, tchimo ndi kuchipembedza, ndipo chithunzi chitha kuphunzitsa. Ku Norway kusinthako sikunayambe ndi anthu wamba, kunachita kulamulidwa ndi mfumu Christian III wa ku Denmark, ndipo mu 1537 akibishopu womaliza wachikatolika, Olav Engelbrektsson, anathawa m'dzikomo. Chuma cha mabishopu chinapita kwa mfumu, ziwiya zambiri zasiliva zinatengedwa, koma zamitengo zambiri zinangotsala pamalo pake, makamaka kumidzi yakutali kumene anthu ankazikonda ndipo panalibe wozithamangitsa. Zimene zinatayika zambiri zinatayika pambuyo pake, m'ma 1700 ndi m'ma 1800, anthu akamakonzanso matchalitchi nkumaona zakale ngati zachikalekale, zina nkupita ku nyumba zosungirako zinthu zakale ku Bergen ndi Oslo.

Lero palibe amene amapemphera kwa ziboliboli zija. Azakhali anakhala nawo pa mapemphero a Lamulungu, anamva nyimbo ina imene chuni chake ankachidziwa, ndipo potuluka anaima nthawi yaitali kutsogolo kwa guwa osayankhula.

Ndamva kuti pagome lolalikira pali galasi la mchenga. Nzoona?

Nzoona, lilipo. Ndi kagalasi kopanikizika pakati, mchenga umatsika pang'onopang'ono kuchokera m'mwamba kupita m'munsi, ukatha ndiye kuti nthawi yakwana. Mpingo utasintha kukhala wa Lutheran ulaliki ndi umene unakhala pakati pa mapemphero, amene tsopano anali m'chinenero cha Chidanishi osatinso Chilatini, ndipo abusa ankatha kulalika nthawi yaitali m'nyumba yamiyala yopanda moto, anthu ena atapalasa bwato mtunda wautali ndipo akuyenera kubwerera kusanade. Ndiye galasi lija linkathandiza onse, mbusa ndi nkhosa zomwe. Gomelo ndi la m'ma 1700, lokongoletsedwa mwa kalembedwe ka nthawi imeneyo, ndipo mukaliyang'ana pamodzi ndi makabati aja mumaona nyengo ziwiri za mpingo zili m'chipinda chimodzi.

Nanga zojambula za pakhoma?

Zili mbali ya kuguwa, ndipo ndi zotsalira chabe, musayembekezere khoma lonse lodzaza zithunzi. Kuno amazitcha kalkmalerier, kutanthauza zojambula za palaimu, utoto wake unkachokera ku dothi lofiira, lachikasu ndi makala. M'matchalitchi ambiri a ku Norway zojambula zoterezi zinadzakutidwa ndi njereza kwa zaka mazana, ndipo njerezayo ndi imene inazisunga mpaka okonza anadzazipala mosamala ndi timipeni. Anthu ambiri amathamangira golide nkuzidutsa osaziona. Ine ndimati imani kaye pang'ono muyang'ane m'makoma, chifukwa makabati anachita kubwera pa bwato, koma izi munthu anaima pamalo omwewo nkujambula ndi dzanja lake.

Limba lija limagwira ntchito? Nanga mabelu ali kuti poti nsanja sindikuiona?

Limba ndi la kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, limodzi mwa akale kumpoto kuno, ndipo nkhope yake yokha ndi yoyenera kuiyang'ana. Nyumbayi imamveka bwino nyimbo moti mumachitika makonsati, mukapeza mwayi lowani.

Za mabelu, kansanja kamene kanali pa tchalitchi kanagwetsedwa kalekale. Pano mabelu ali m'kanyumba kakekake kumanda, pambali pa tchalitchi.

Mpanda wamiyala wozungulirawo, kodi linali linga la nkhondo?

Mbali ina inde. Kuzungulira tchalitchi mukuoneka zotsalira za makoma ochindikala amene anamangidwa ngati chitetezo. Kumbukirani kuti kuno kunali kumalire, kumpoto ndi kummawa kunali madera amene Norway inkalimbirana msonkho ndi Novgorod ya ku Russia, ndipo m'ma 1300 ndi m'ma 1400 magulu ochokera kumeneko ankabwera pa mabwato kudzawotcha ndi kulanda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Pamalo pamene pasonkhanitsidwa chakhumi cha dera lonse pankafunika khoma.

Ndaona chipilala cholembedwa za anthu a ku Soviet Union pafupi ndi tchalitchi. Chikukhudzana bwanji?

Iyi ndi mbali yowawa ya malowa. Germany italanda Norway mu 1940, asilikali ake anamanga linga lalikulu pamwamba pa Trondenes, nkuikapo mizinga inayi ikuluikulu imene anthu amaitcha Adolfkanonen, kukamwa kwake masentimita 40.6, yopangidwira sitima zankhondo. Ntchito yolemetsayo ankagwira ndi akaidi ankhondo a ku Soviet Union, amene msasa wawo unali pafupi ndi tchalitchi pomwepo, ndipo pafupifupi 800 anafa ndi njala, kuzizira, matenda ndi nkhanza. Chipilalacho ndi chowakumbukira. Nkhondo itatha msasa womwewo munakhala anthu a ku Finnmark amene nyumba zawo zinawotchedwa ndi asilikali achijeremani pothawa mu 1944.

Ndikapita ndi alendo sindidumpha pamenepa. Kuchoka pa guwa lagolide kufika pa chipilalacho ndi kuyenda kwa mphindi zochepa chabe, ndipo anyamata amene anafera pamenepo ankachiona tchalitchichi tsiku lililonse ali kuseri kwa waya.

Amapempheramobe kapena yangokhala nyumba ya alendo?

Amapempheramo. Ndi tchalitchi cha parishi cha mpingo wa Den norske kirke, mu dayosizi ya Nord-Hålogaland, ndipo maubatizo, maukwati, maliro, zonse zimachitika. Mwezi wa May mudzapeza achinyamata olowa chikhristu chonse atavala mikanjo yoyera, makolo awo atavala zovala zamakolo zimene amati bunad. Hans Egede, mmishoni uja anapita ku Greenland mu 1721, anabadwira m'dera lomweli mu 1686.

Malamulo a ku Norway amateteza chinthu chilichonse chomangidwa chisanafike chaka cha 1537, ndiye ngakhale mpingo womwewo sungangokhoma msomali kapena kupenta mmene wafunira, umayenera kudutsa ku Riksantikvaren, ofesi ya boma yoyang'anira zakale.

Ndingajambule? Ndingakhudze?

Kukhudza ayi, chonde. Chifukwa chake ndafotokoza pa funso la golide, thukuta la m'manja ndi kakukanda kochepa zimakwana kuthothola chinthu chimene chakhala zaka zoposa 500. Kujambula funsani kaye amene akuyang'anira tsiku limenelo, zimitsani fulashi, ndipo ngati muli mapemphero kapena maliro foni ikhale m'thumba.

Ndipite nthawi yanji, ndipo ndikafika bwanji?

Bwalo la ndege lapafupi ndi Evenes, makilomita ngati 45 kuchokera ku Harstad, ndipo pali mabasi opita m'tauni. Mutha kubweranso pa sitima ya m'mbali mwa nyanja imene imaima pa Harstad. Kuchokera m'tauni kufika pa tchalitchi ena amangoyenda wapansi kutsata gombe.

Nyengo yotentha, June mpaka August, ndi imene zitseko zimakhala zotsegulira alendo kawirikawiri, nthawi zina zonse yambani mwafunsa ku ofesi ya parishi kapena mungopita pa mapemphero. Jekete tengani ngakhale mu July, mkatimo mumazizira. Chapafupi pomwepo pali Trondenes historiske senter kumene amafotokoza mbiri ya derali kuyambira nthawi ya ma Viking, ndipo ndi bwino kuyambira kumeneko musanalowe m'tchalitchi. Ine ndimakonda nyengo yamdima pa chifukwa chimene ndanena pa funso la zamkati, koma kwa munthu wobwera koyamba kuchokera kotentha kwathu ndimati bwerani mu June.

Ngati sindingafike kumpoto konseko, pali kwina kumene ndingaone zofanana?

Ku Bergen pitani ku Mariakirken, kuseri kwa Bryggen. Ndi tchalitchi chamiyala cha m'ma 1100, chakale kuposa cha Trondenes, ndipo kuyambira 1408 chinali tchalitchi cha amalonda achijeremani aja ankagula nsomba. Muli kabati ya paguwa yagolide ya kumapeto kwa m'ma 1400 ndi gome lolalikirapo la 1676. Mukatuluka tsikirani ku Bryggen muone nyumba zamatabwa zimene nsomba za kumpoto zinkasungidwamo zisanakwere sitima yopita ku Lübeck. Ku Trondheim kuli kathedulo ya Nidaros, yomangidwa pamanda a Olav woyera, kumene akuluakulu oyang'anira Trondenes ankakhala, ndipo kuchokera ku Oslo sitima yapamtunda imakafika komweko tsiku lomwelo.